Mkaka wa Ardith ndi Maluwa a Pachitunda

Tolley Creek, Oregon
19 Malichi 1934

Achemwali a Leota,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Corvallis, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiyani. Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Poyamba ndithokoze chipewa chimene munalukira mwana. Chamukwana bwino Ardith, makutu onse amabisika. Mlamu wanu Nola akuti zikomo kwambiri, akuti manja anu ndi odala. Mafuta a nsomba aja akumwa, ngakhale amakwinya nkhope ngati mmene ankachitira malemu bambo akamva za msonkho.

Tsopano nkhani ndi iyi. Pearl, ng'ombe yathu yofiira ija, wafa. Lachisanu m'mawa ndinamukama bwinobwino, n'kumutulutsa pamodzi ndi Junie, ng'ombe yathu inayo, kuti akadye pachitunda paja pa mitengo ya thundu. Dzuwa litakwera anatsikira kumtsinje kukamwa madzi monga amachitira. Pobwerera sanafike ndi pakati pa chitunda pomwe. Ndinamupeza atagwa, thovu lili mbuu kukamwa, akukukuta mano, miyendo ikuphupha ngati wakhunyu. Ndinathamanga kukatenga mchere ndi madzi ofunda, koma pobwera n'kuti atatsirizika kale. Ng'ombe yonenepa, yosadwalapo chibadwire.

Mukudziwa kuti chiyambire matenda aja a mu Januwale mawere a Nola anauma. Mkaka wa m'chitini tinayesa, mwana anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa. Wa ng'ombe wokha, wowiritsa, wothira madzi pang'ono, ndi umene wakhazikika m'mimba mwake. Ndiye taonani, moyo wa mwana wanga tsopano uli pa mawere anayi a Junie. Junie akangotsatira mnzake sindikudziwa kuti ndidzalowera kuti.

Pamene Pearl anagwera panali maluwa okhaokha, malilime a nkhosa aja, oyera ozyolika mitu, a masamba amawangamawanga. Chaka chino aphuka ngati wina anachita kufesa. Tsamba lina ndinalichotsa m'kamwa mwake ndi dzanja langali. Nola akuti ndapenga. Akuti iye wakula akuthyola maluwa amenewa, ndipo ng'ombe za kwawo zinkagona pakati pake. Ndinamufunsa kuti, "Ndiye tandiuza chimene chamupha." Anangopitiriza kutsuka botolo la mwana.

Inu mumagwira ntchito m'nyumba ya kukoleji imene amasungiramo zomera zouma, ndipo munanena kuti abwana anu, mayi Tollefsen, palibe udzu umene saudziwa. Ndatumiza maluwawo m'bokosi la nsapato. Kuti asafote panjira ndawakulunga ndi masamba anthete onyowa amene ndazula m'mphepete mwa mtsinje, paja madzi osefukira anagumula gombe. Chonde awaone, andiuze chimodzi chokha, amapha kapena sapha. Dzina lake la m'mabuku sindikulifuna.

Junie ndamutsekera m'khola. Akudya udzu wouma wotsala wa m'chisanu, koma watsala wa pansi wokha, wonunkha nkhungu. Musachedwe.

Ndine mlongo wanu,
Elwin


Corvallis
24 Malichi 1934

Elwin mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo za Pearl zandiwawa kwambiri. Ndikumukumbukira ali kamwana, akuyamwa chala chako. Umpsompsone Ardith, ndipo mlamu umuuze kuti ndayamba kuluka timasokosi.

Koma iwe, bokosi lija! Wamakalata analowa nalo atalitalikitsa ndi mphuno, akuti, "A Stroup, kodi kwanu amatumiza maliro pa positi?" Liyenera kuti linagona pafupi ndi mbaula ya m'sitima. Nditatsegula ndinapeza phala. Unkayesa ukutumiza kabichi?

Tamvera ndikuphunzitse, poti kusukulu unkathawa. Chomera satumiza chonyowa. Kumba chathunthu, pamodzi ndi kanyezi kake ka pansi, kooneka ngati dzino la galu. Kamakhala pansi kwambiri ndipo phesi lake silichedwa kuduka, ndiye uyambe kukumba chapatali. Uchigoneke pakati pa nyuzipepala, tsamba lina chagada lina chafufumimba, ndipo duwa limodzi ulitambasule kuti mkati mwake muzioneka. Thabwa pansi, thabwa pamwamba, n'kutsindikiza ndi chinthu cholemera. Nyuzipepala uzisintha tsiku ndi tsiku mpaka chiume gwa. Chachikulu ndi ichi: ulembe pakapepala tsiku, malo ake, ngati ndi pouma kapena ponyowa, pamthunzi kapena padzuwa, zina zimene zamera pafupi, ndi mtundu wa duwa lisanaume, chifukwa akauma onse amangofanana ndi masamba a tiyi. Chomera chopanda kapepala kotere kuno timati ndi chakudya cha ng'ombe basi.

Mayi Tollefsen kulibe. Anapita kumapiri a kumwera kukatola maluwa omwewa, poti amangooneka milungu yochepa, kenako masamba amafota osasiya ndi chizindikiro chomwe mpaka chaka chinacho. Abwera Pasaka ikatha. Phala lako sindinataye. Lamulo la pano ndi lakuti chilichonse chikalowa pakhomo sichitayidwa iwo asanachione. Ndiye ndinatsina mphuno n'kupatula zimene zinali zisanaoleretu, ngakhale masamba ako okulungira aja ndi kachidutswa ka muzu kamene kanali pomwepo, ndazipanikiza zonse.

Dzulo pa nthawi ya nkhomaliro ndinatsegula kabati ya maluwa akowo. M'mabuku amati kakombo wa mwana wa gwape, chifukwa cha mawanga a masambawo. Mapepala omatapo maluwawo alipo mulu. Ena anamatidwa ife tisanabadwe, ena ndamata ndekha. Ndinawerenga timapepala tonse ta pakona, ndipo nyimbo yake ndi imodzi: pansi pa thundu, pachitunda posadikha madzi, m'mphepete mwa nkhalango, pamiyala ya ndere. Angapo analembapo kuti pabusa. Palibe ndi mmodzi yemwe analemba za chiweto chakufa, chonsecho pa zomera zakupha otola amakonda kulemba zimenezo.

Koma ine ntchito yanga ndi guluu ndi timalamba ta nsalu. Si ine woti ndikulumbirire pa moyo wa mwana. Dikira amayiwo. Usachite kanthu mopupuluma, ndimakudziwa iwe.

Mchemwali wako,
Leota


Tolley Creek
29 Malichi 1934

Achemwali,

Moni wa tonse atatu. Kalata yanu yafika, zikomo poyankha msanga, ngakhale yankho lake ndi loti ndidikire. Kwa inu kudikira n'kosavuta, mumadikira mutakhala pampando. Kuno udzu wouma ukutha, ndipo mkaka wa Junie wayamba kuchepa. Dzulo Ardith anamaliza botolo n'kumayamwabe mpweya, maso ali pa ine. Maso amenewo sindingawauze kuti abwana ali kumapiri.

Mukuti anthu a mapepala anuwo sanalembe za ng'ombe yakufa. Munthu wotola maluwa amabwera masana amodzi, chipewa chake chabwino, n'kubwerera. Amatsala akukumba dzenje la ng'ombe ndani? Sindikunyoza ntchito yanu, ndikungonena.

Ndiye ndachita zimene ndaona. Ndinabwereka hatchi kwa a Gaskill a kusitolo, ndalima chitunda chija kuyambira kukhola mpaka pa thundu lalikulu la mphanda. Ndifesapo udzu wa ziweto. Mbali ya kumtunda yatsala chifukwa mizu ya mitengo inapinda khasu la pulawo.

Ndili mkati molima Nola anabwera mwana ali m'manja, n'kuima pamzere penipeni.

Akuti, "Elwin, maluwawa akulakwira chiyani? Akuba nkhuku zako?"

Ine ndinati, "Choka kutsogolo kwa hatchi, mayi."

Akuti, "Pano ndi pamene unandifunsira mbeta iwe, chipewa chili m'manja, mawu akukukanika ngati wameza mbatata yotentha."

Ndinati, "Chikumbutso sichikamidwa."

Chiyambire pamenepo chakudya amangondiikira patebulo osanena kanthu. Madzulo ake ndinamuona akuyenda m'mizere atawerama, akutolera zinthu m'epuloni yake. Sindinafunse.

Junie ndimuika kudambo la kumtsinje. Kumeneko ndayenda ndayang'ana, duwa limenelo kulibe ndi limodzi lomwe. Msipu wake ndi wobiriwira kale, ndipo madzi ali pomwepo, sazivutikanso kutsika ndi kukwera. Ndikumanga mpanda wa waya. Lolemba, Pasaka ikangotha, alowa. Ndikanaganiza zimenezi kale bwenzi Pearl alipo.

Zopanikiza zanu zija ndayesa. Atatu anaduka ndikukumba, wachinayi anatuluka ndi dzino lake. Ndamuika pakati pa nyuzipepala zakale, pansi pa thumba la mchere wa ng'ombe. Akauma nditumiza, ngakhale phindu lake sindikuliona tsopano.

Musakwiye ndi mawu anga. Chipewa chija akuvala tsiku lililonse.

Elwin

Alamu, ndine Nola, ndalanda cholembera. Mlongo wanuyu sakudya, wasanduka chingwe. Sindikumuda ayi, ndikudziwa kuti ndi mantha amene akumulimitsa chonchi. Koma abwana anu akangofika, chonde mutiyankhe msanga. Timasokosi tija mutiluke tokulirapo, mwanayu mapazi ndi a kwanu.


Corvallis
3 Epulo 1934

Elwin,

Moni ndipereka pambuyo. CHOTSA JUNIE KUDAMBO.

Mayi Tollefsen anafika dzulo, ndipo m'mawa uno ndi pamene anatsegula nyuzipepala za phala lako. Maluwawo anangowayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Awa alibe mlandu. Agwape amadya, ng'ombe sizifa nawo." Kenako anaona masamba ako okulungira aja. Anatola kachidutswa ka muzu, anakadula ndi lumo, anakanunkhiza. Akuti, "Leota, izi mlongo wako anazitenga kuti?" Ndinawawerengera kalata yako yoyamba, paja unati Pearl anatsikira kumtsinje kukamwa madzi. Ndisanaipinde n'komwe wamakalata analowa ndi yachiwiri, imene inagona m'positi chifukwa cha Pasaka. Za mpanda wako ndinawerenga ndili chiimire.

Chinapha Pearl ndi chomera cha m'matope chimene unakulungira maluwa. Iwo akuchitchula kuti Cicuta. Masamba ake ndi ogawikana, a mano ngati macheka. Mizu yake ndi yonenepa, yotuwa, yaunjikana ngati zala, ndipo imanunkhira ngati karoti. Ukaing'amba pamene imakumana ndi phesi, mkati muli tizipinda, ndipo imachucha madzi achikasu. Chidutswa chosafika ndi dzira lomwe chimagwetsa ng'ombe. Madzi akagumula gombe mizuyo imatsala poyera, ng'ombe zimangoizula. Amayiwo anatulutsanso m'kabati pepala la mu 1911, chomera chomwecho, ndipo pakona palembedwa kuti Tolley Creek, m'matope pafupi ndi powolokera ngolo. Ndi dambo lako limenelo, Elwin.

Anandikokera okha ku lamya ya mu ofesi yawo. Ndayimba kusitolo, anayankha ndi mayi Gaskill, mawu akumveka ngati ali pansi pa chitsime. Akuti amuna awo apita ku Roseburg ndi galimoto. Ndakuwa kuti ng'ombe ichoke kumtsinje, ndipo ngati yadya kale muzu aimwetse mafuta a nkhumba osungunula, ambiri. Waya unaduka ndisanamve ngati amva.

Usalawe, usagwire kukamwa ukaigwira, mpeni utsuke, mizuyo ukawotchere kutali. Undiyankhe tsiku lomwelo.

Leota


Corvallis
9 Epulo 1934

Elwin, Nola,

Moni nonse. Kodi muli bwanji kumeneko? Sabata yatha ndilibe mawu anu. Lamya ya kusitolo sikulowa, akuti mtengo unagwera waya. Wamakalata akangotulukira ndimamuyang'ana m'manja, mpaka wayamba kupukusa mutu asanalowe.

Ngati wakwiya chifukwa ndinakuseka za bokosi lija, kwiya, koma lemba. Ndikanadziwa ndikanapita nawo masambawo kwa aphunzitsi ena tsiku lomwe anafika, m'malo mokuphunzitsa kusintha nyuzipepala. Ngati zachitika zoipa undiuzebe. Loweruka ndikwera sitima ndikapanda kumva kanthu.

Ardith akumwa chiyani?

Leota


Tolley Creek
11 Epulo 1934

Alamu okondedwa,

Dzanja ili ndi la Nola, mawu ndi a mlongo wanu. Dzanja lake lamanja lili m'nsanza, chifukwa chake mumva. Wakhala apa pafupi ndi mbaula akundilamula ngati kalaliki wake. Ndilemba zimene akunena, koma pena ndiziikapo zanga.

Akuti: Achemwali, Junie ali moyo. Ardith ali moyo, akumwa, dzulo anaseka mokweza. Ndayamba ndi zimenezo kuti mupume. Sitima musakwere, sungani mphamvu zanu.

Junie analowa kudambo Lolemba monga ndinanenera. Waya unandithera mbali ya kumtsinje, ndiye ndinamumanga ndi chingwe chachitali pachikhomo, kuti ndizisuntha chikhomocho akamaliza msipu. Lachiwiri m'mawa ndinachisunthira kufupi ndi madzi, n'kupita kukawongola khasu la pulawo kuseri kwa khola.

Chakumasana ndinamva mkuwo kumsewu. Kutukula maso, mayi Gaskill ali pamsana pa hatchi yolimira ija, opanda chishalo, epuloni ili m'chiuno, chitini chikugunda m'nthiti mwa hatchi. Mukuwadziwa thupi lawo. Akuti sanakwerepo hatchi chikwatiwire. Sitolo anaisiya yotsegula. Akukuwa kuti, "Elwin Stroup! Mlongo wako akuti ng'ombe ichoke kumtsinje! Chifukwa chake sindinamve, koma mtsikanayo amalira m'waya! Wangoima bwanji ngati chitsa? Thamanga!"

Ndinathamanga. Ndinamupeza Junie miyendo yakutsogolo ili m'matope pogumuka paja, muzu uli m'kamwa, akutafuna mosangalala. Sindinaganize kanthu, ndinangolowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Wambiri ndinautulutsa, koma mano ake akumbuyo anandiphwanya zala ziwiri.

(Apa ndine Nola. Anakuwa mpaka nkhuku zinathawira pansi pa nyumba. Mawu amene ananena sindilemba, inu ndinu munthu wopemphera.)

Akuti: Tinamukokera kumtunda. Tisanafike kukhola anayamba kunjenjemera, thovu kuyamba, ndendende ngati Pearl. Achemwali, pamenepo ndinaona nkhope ya Ardith, osati ya ng'ombe. M'chitini cha mayi Gaskill munali mafuta a nkhumba. Akuti, "Mawu amenewa okha ndi amene ndinawamva bwino." Nola anasungunula, tinathira m'botolo, amayiwo anagwira mphuno, ine ndi dzanja lamanzere kutsanulira kukhosi. Anagwa, anaphupha, anakhala chete, anaphuphanso. Mayi Gaskill anakhala pansi m'matope mutu wa ng'ombe uli pamiyendo pawo, akuitukwana ngati mwana wosamva. "Dzuka, chitsiru iwe, uli ndi mwana woyamwitsa!" Dzuwa likupendeka Junie anakoka miyendo n'kuimirira. Kaya ndi mafutawo, kaya ndi chifukwa anameza pang'ono, sindikudziwa. Ndikungothokoza.

Mkaka wake tinkautaya masiku oyamba poopa kuti poizoni angatsikiremo, kenako unachita ngati waumiratu. Mayi Gaskill pobwerera anaima pakhomo lililonse. Kusanade a Pruitt a kutsidya anafika akukoka mbuzi yamkaka, akuti, "Ikhale kuno mpaka yanu ichire, koma zochapa zanu muzianika pamwamba." Mkaka wa mbuziwo Ardith anaukana tsiku loyamba, lachiwiri njala inamulangiza. Tsopano wa Junie wabwerera, ndipo mbuzi ipita kwawo mawa. Yadya kale malaya anga a kutchalitchi.

Kalata yanu yachenjezo inafika Lachisanu. Nola anandiwerengera, ndinapita nayo kudambo n'kung'amba muzu umodzi. Tizipinda tija tilimo, madzi achikasu aja alimo, zonse monga munalembera. Abwana anu, amene sanapondepo pano, andiuza zimene zili m'matope anga. Loweruka amuna a m'chigwa chino anabwera ndi mafosholo, tinazula gombe lonse mpaka powolokera ngolo, n'kuwotcha. A Pruitt akuti tsopano adziwa chimene chinatenga mathole awo awiri chaka chatha.

Mukudziwa kumene Junie akudya panopa? Kumtunda kwa chitunda, kumene pulawo inakanika, pakati pa malilime a nkhosa. Ndinamuthawitsa pabwino n'kukamumangirira pa imfa ndi manja angawa.

Za bokosi sindinakwiye. Likanapanda lamulo lanu losataya zinthu, ndi mphuno yanu yopirira, bwenzi lero ndikulemba zina. Muwauze mayi Tollefsen kuti kuno kuli munthu amene sadzaiwala. Zija ndinanena za otola maluwa a zipewa zabwino, ndabweza. Amene anagwada m'matope athu mu 1911 n'kulemba malo ake, kaya ali moyo kaya anafa, Mulungu amuone.

(Nola kachiwiri. Zija ndinkatolera m'epuloni ndi timano ta maluwa timene pulawo inagadabuza. Ndinatikwirira mu mchenga wonyowa m'chipinda cha pansi. Dzulo ndinamuonetsa. Anangoyang'ana, n'kutuluka panja kukapenga mphuno nthawi yaitali. Tafunsani abwana anu ngati tingamerenso tikatibwezera.)

Ndife anu,
Elwin, Nola ndi Ardith


Corvallis
16 Epulo 1934

Okondedwa nonse atatu, ndi Junie yemwe,

Kalata yanu ndinawerengera pakhomo, ndinalira, ndinaseka, wamakalata mpaka anavula chipewa. Mayi Tollefsen anaiwerenga kawiri. Akuti mayi Gaskill ndi oyenera kumatidwa papepala n'kusungidwa m'kabati, chifukwa mtundu wawo ndi wosowa.

Iwe Elwin, zalazo akazione dokotala, usangomanga nsanza. Ndikudziwa kuti sumva, ndiye mlamu, mukokereni.

Za timano tija akuti bwezerani msanga, mozama monga tinalili, ndipo muphimbe ndi masamba a thundu. Tambiri tipulumuka, koma tinyanyala. Chaka chamawa mwina titulutsa tsamba limodzi lokha popanda duwa. Pamene pafereratu muyembekeze mbewu za kumtunda, ndipo zimenezo n'zochedwa. Duwa limeneli likamera kuchokera ku mbewu limatha zaka likungokankhira dzino lake pansi. Ardith adzakhala atayamba sukulu lisanachite maluwa. Udzu wako wa ziweto usafesepo.

Tsopano amayiwo ali ndi pempho. Pa mapu awo ali ndi timadontho posonyeza paliponse pamene duwali linatoledwa, ndipo chigwa chanu chonse n'choyera, chilibe kadontho. Akuti zimene sizili m'kabati, kwa obwera m'mbuyo zili ngati sizinamereko. Akufuna limodzi la pachitunda chako, ndi muzu wakupha uja ngati wina unatsala, chilichonse ndi kapepala kake. Ulembe m'mawu ako, ine ndidzakopera bwino ndi makina. Koma chonde, chouma.

Timasokosi tili m'kaphukusika. Ngati takula, adzakuliramo.

Leota


Tolley Creek
26 Epulo 1934

Achemwali,

Moni. Ili ndi dzanja langa, pepani zilembo zikuyenda ngati nkhanu. Dokotala anaona zala, akuti chimodzi chikhala chopindika. Kukama ndikutha. Timasokosi tafika, zikomo, takwana ndendende, Nola ananena zoona za mapazi.

Timano tija tabwezera tonse. Nola amabowola ndi chitsulo, ine kuponyamo ndi kukwirira, Ardith ali m'dengu pansi pa thundu la mphanda akukangana ndi mbalame. Msana unandiwawa kuposa tsiku lolima. Nola akuti ndi momwe ziyenera kukhalira.

Ndatumiza zomera ziwiri pakati pa makatoni, zouma gwa, nunkhizani muone. Muzu uja ndinaung'amba pakati kuti tizipinda tizioneka, ndipo ndaulembera kapepala kake. Duwalo ndi lija ndinaika pansi pa thumba la mchere. Ine ndinaliiwala m'masiku a mavuto aja, koma Nola ankasintha nyuzipepala m'mawa uliwonse osandiuza, ngakhale masiku amene sankandiyankhula. Kapepala kake ndi aka:

Malilime a nkhosa. Tolley Creek, pachitunda cha kumpoto kwa khola la a Stroup, pansi pa mitengo ya thundu. Pouma, madzi sadikha, mthunzi wa apo ndi apo. Dothi lakuda la masamba owola, miyala pansi. Pafupi pamera udzu waufupi ndi timaluwa tofiirira. Duwa loyera ngati mafuta a mkaka, mkati mwachikasu, ndi timizere tofiira. Masamba awiri, a mawanga. Analipo ambiri osawerengeka. Lakumbidwa pa 27 Malichi 1934. Wokumba Elwin Stroup, woumitsa Nola Stroup. Pamalopa ndinalimapo, koma tabzalanso.

Pali mzere wina umene ndikufuna uikidwe pansi pake. Mwina abwana anu anena kuti si za m'mabuku, koma muwapemphe asauchotse. Munati mapepala amenewa amakhala zaka zambiri, ndipo tsiku lina kudzabwera wina wa ng'ombe imodzi ndi mwana wakhanda, mlongo wake adzatsegula kabati imeneyo nthawi ya nkhomaliro. Mulembe ndi makina anuwo, zilembo zooneka bwino:

Ng'ombe yathu imadya pano tsiku lililonse. Ili moyo. Yang'anani kumtsinje.

Ndine mlongo wanu wothokoza,
Elwin